Makina ndi a Boma, Nanga Makiyi Akusunga Ndani?

Munthu sangapite pa Iponga kukafuna ofesi ya kampani yopanga mapulogalamu a kompyuta. Kumeneko, kumpoto kwenikweni kwa boma la Karonga, kuli minda ya mpunga, nthochi, ng'ombe, ndi msewu wa M1 umene umakathera pa mlatho wa Songwe, pomwe dziko lathu limalekezera ndipo Tanzania amayambira. Koma makampani amenewa amafikako tsiku ndi tsiku osapondako phazi. Chiphaso cha unzika chimene mlimi amachikulunga m'kapepala ka pulasitiki kuti chisanyowe chinadutsa m'manja mwawo. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale amatuluka kudzera m'makina amene iwo anakonza. Pasipoti ya mayi wokaoda katundu ku Dar es Salaam, laisensi ya dalaivala wa minibasi, dzina la munthu m'kaundula wa zisankho, zonsezi zimapezeka kapena kusowa malinga ndi mmene pulogalamu ya kampani ina yake yadzukira tsiku limenelo.

Boma lililonse pa dziko lapansi limagula ntchito zotere kwa makampani, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Unduna sungadzipangire chilichonse. Chimene chatipweteka ife mobwerezabwereza n'chakuti timalipira mmisiri kuti atimangire nyumba, nyumbayo n'kutha, ife n'kulowamo, koma makiyi n'kutsala m'thumba mwa mmisiriyo. Makiyi amene ndikunena ndi angapo: mawu achinsinsi otsegulira makina onse, malemba enieni amene pulogalamuyo inalembedwa nawo, malaisensi amene amalipiridwa chaka ndi chaka, nkhokwe ya mayina ndi zidindo za zala zathu, komanso luso lodziwa pogwira zinthu zikasokonekera. Amene wasunga zimenezi ndiye mwini wake weniweni, kaya pepala la mgwirizano likunena zotani.

Nkhani ya mapasipoti ndiyo ikuonetsa zimenezi poyera kuposa ina iliyonse. Mu Malichi 2019 boma linasainirana mgwirizano ndi kampani ya Techno Brain, wa ndalama zokwana madola 60.8 miliyoni a ku America, kuti ikonze makina atsopano ndi kupereka mapasipoti 800,000 okhala ndi kachipangizo kosunga mbiri ya mwini wake. Mgwirizanowo unali wa mtundu uja woti kampani imange, iyendetse kwa zaka zingapo ikubweza ndalama zake, kenako ipereke zonse m'manja mwa boma. Pa pepala zimamveka bwino, chifukwa boma silitulutsa ndalama zonse nthawi imodzi. Koma ndalamazo zimachokerabe kwinakwake, ndipo kwinakwakeko ndi m'thumba mwa wofuna pasipoti. Mtengo wa pasipoti wamba unafika pa K90,000.

Boma litasintha mu 2020, atsogoleri atsopano anati mgwirizanowo unali wodula mopitirira muyeso ndipo sunayende m'njira yake. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anauthetsa. Ambiri anaombera m'manja. Koma kuthetsa mgwirizano ndi kalata n'kosavuta. Chovuta n'kutulutsa kampani m'makina amene inawamanga yokha ndipo ikuwadziwa yokha. Panadutsa zaka ziwiri za kukokanakokana, mapasipoti akutuluka mwa apo ndi apo, mpaka kumayambiriro kwa 2024 pamene makinawo anaimiratu. Pa 21 Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo, kuti boma silipereka dipolo, ndipo anapatsa nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko masabata atatu kuti ipeze njira ina. Techno Brain inakana kuti ikukhudzidwa. Mabungwe ena, monga CDEDI, anatsutsa zoti kunali akuba, nati gwero la vutolo linali kusamvana pakati pa boma ndi kampaniyo pa nkhani ya malaisensi ndi kayendetsedwe ka makinawo.

Kaya wina akhulupirira mbali iti, mfundo imodzi siisuntha. Dziko lodziimira palokha linakhala masabata ambiri lisakutha kupatsa nzika zake chikalata chotulukira kunja. Ngati anali akuba, n'chifukwa chiyani panalibe makina ena apadera osungako zonse, oti n'kuyatsidwa mawa lake? Ngati kunali kusamvana ndi kampani, n'chifukwa chiyani patatha zaka ziwiri chithetsereni mgwirizano akatswiri a boma anali asanathe kuyendetsa okha makinawo? Mafunso awiriwa akuloza pa bala limodzi.

Mu Malichi chaka chomwecho kampani ya konkuno, E-Tech Systems, inapatsidwa ntchito yoyambitsa makina ongogwirizira, ndipo mtengo wa pasipoti unatsika kufika pa K50,000. Kusindikiza kunayambiranso, koma poyamba ku Lilongwe kokha. Apa ndi pomwe mtunda umayamba kuluma. Wa pa Iponga wongofuna kuwoloka kukagula zinthu pa Kasumulu kapena ku Kyela amatha kugwiritsa ntchito kachiphaso ka pachipata. Koma wopita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto padoko, wophunzira wopeza malo kunja, wodwala wotumizidwa ku chipatala cha dziko lina, ameneyo ndi wa pasipoti basi. Ngakhale zinthu zili bwinobwino, ulendo wake ndi wa ku Mzuzu, makilomita oposa 200, kudutsa pa Karonga boma ndi kukwera zitunda za Chiweta. Akafika n'kuuzidwa kuti "netiweki palibe, mubwere mawa", mawa limenelo ndi ndalama ya malo ogona, ya chakudya, ndi tsiku lina la ntchito ya kumunda lotayika. Wa ku Area 18 ku Lilongwe amangobwerera kunyumba kukadya nsima. Ndipo paliponse pamene makina akuchedwa pamamera madobadoba, anyamata aja oima pageti amene amati akudziwa munthu mkatimo. Makina amene anagulidwa kuti athetse ziphuphu akafooka, amasanduka msika wa ziphuphu zomwezo.

Tisanafike pa mapasipoti tinali titaphunzitsidwa kale, ndipo phunziro lake linali lowawa kwambiri. Mu 2005 boma linakhazikitsa makina oyendetsera chuma chake otchedwa IFMIS, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Epicor imene inabwera ndi kampani ya ku Tanzania, Soft-Tech Consultants. Tinatengera kwa anansi athu omwewa a kutsidya kwa Songwe, kumene makina otere ankaoneka kuti akuyenda bwino. Cholinga chinali chabwino: ndalama iliyonse yotuluka ku Capital Hill izisiya phazi. Koma mu Sepitembala 2013, mkulu woona za bajeti a Paul Mphwiyo atawomberedwa pakhomo pawo ku Lilongwe, zinthu zinayamba kufukuka. Anthu ena ogwira ntchito m'boma ankalowetsa m'makinamo malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke n'kusindikizidwa, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenako n'kubwerera m'makinamo kukafufuta zonse ngati sipanachitike kanthu. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndipo kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo kunafika mpaka m'zipatala zing'onozing'ono za kumalire.

Anthu ambiri mpaka lero amati kompyuta ndiyo inaba. Kompyuta siinabe. Anaba ndi anthu, ndipo ena a iwo, monga Oswald Lutepo, makhoti anawapeza olakwa n'kuwamanga. Koma n'zoonanso kuti makina amene amalola munthu kufufuta malipiro atachitika kale, komanso kubwerekana mawu achinsinsi ngati khasu, ndi makina amene mwini wake sankawayang'anira. Pa nkhani imeneyi, yomwe inatchedwa Cashgate, makiyi sanatsale kwa kampani; anamwazikana m'manja mwa anthu ambiri m'boma momwemo popanda wowerengera kuti ali ndi ndani. Matenda ake ndi amodzimodzi: wogula sankachidziwa bwino chimene anagula. Kuyambira mu 2020 boma linayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano ya pulogalamu ya SAP ya ku Germany, imene inakhazikitsidwa ndi kampani ya ku Zimbabwe, Twenty Third Century Systems. Pulogalamuyo ndi yamphamvu, makampani akuluakulu a dziko lapansi amaigwiritsa ntchito, koma malaisensi ake ndi akatswiri ake amalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe ndi zimene dziko lino limasowa kwambiri.

Ku nthambi yoona za pamsewu nyimbo yake ndi yomweyo. Makina a MalTIS, amene amatulutsa malaisensi ndi zikalata za galimoto, anayamba mu 2015 kudzera mwa kampani ya Movesa ndi anzake a ku South Africa, Fischer Consulting, ndipo patapita zaka aphungu anali akufunsabe kuti adzaperekedwa liti kwathunthu m'manja mwa boma.

Palinso vuto lina limene silikhudza mwini makiyi koma wolemba zofunika m'mgwirizano. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, makuponi a pepala anachotsedwa. Mlimi ankangofunika kubwera ndi chiphaso cha unzika ndi K4,495 pa thumba la feteleza. Ganizo lake linali lanzeru, chifukwa makuponi ankagulitsidwa ndi kuberedwa. Koma taonani mmene zimakhalira pa depoti. Kalaliki wagwira foni, waloza kamera pa chiphaso cha agogo amene afika kusanache. Pa foniyo kachizindikiro kakungozungulira. Mnyamata akweza foni m'mwamba, atuluka panja, akwera pachulu, abwerera. Matumba a feteleza ali pomwepo, aunjikidwa mpaka kudenga, ndalama zili m'manja mwa agogo, koma palibe chimene chingatuluke mpaka kompyuta ina ili kutali itavomera. Dzuwa lipendeka, mzere sunasunthe, ndipo ena ayala zitenje kuti agone pomwepo poopa kutaya malo. M'madera ambiri a dziko lino alimi anagonadi pa madepoti chaka chimenecho chifukwa cha netiweki, mvula ikugwa, chimanga chikudikira.

Pulogalamu yotere ikhoza kulembedwa kuti izigwira ntchito ngakhale netiweki palibe, mayina a m'deralo atasungidwiratu m'foni, zonse n'kudzatumizidwa madzulo netiweki ikabwera. Amisiri a mapulogalamu amaidziwa bwino njira imeneyi. Koma kampani imapanga chimene yauzidwa ndi kulipiridwa. Ngati amene akulemba zofunika akhala mu ofesi ya ku Lilongwe momwe intaneti siidukaduka, sadzakumbukira kulemba kuti makinawa akagwirenso ntchito m'midzi ya kwa Mwakaboko nthawi ya dzinja, Songwe atasefukira, magetsi atazima. Chopweteka n'chakuti chingwe china chachikulu chobweretsa intaneti m'dziko muno kuchokera kunyanja ya mchere, kudzera ku Tanzania, chimalowera pa Songwe pomwepa n'kutsika ndi msewu kulowera kummwera. Intaneti imadutsa pakhomo pa anthu a pa Iponga popita ku mizinda, koma kuti iwafikire eni dera pamafunika nsanja, magetsi ndi foni zimene ambiri sangazikwanitse.

Sikuti zonse n'zolephera, ndipo zimene zayenda bwino zili ndi chotiphunzitsa. Pa chipata cha Songwe pamadutsa matanka a mafuta, mathiraki a katundu ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Bungwe lotolera misonkho la MRA limawerengera msonkho wa zonsezi ndi pulogalamu ya ASYCUDA, imene inapangidwa ndi UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda, ndipo maiko ambiri amaigwiritsa ntchito. Nayo imagwa nthawi zina, ndipo ikagwa mzere wa mathiraki umatalika, madalaivala n'kumaphika pansi pa galimoto zawo. Kusiyana kwake n'kwakuti oiyendetsa tsiku ndi tsiku ndi antchito a MRA eni ake, ndipo palibe kampani imene ingadzuke m'mawa n'kunena kuti mukapanda kulipira titseka.

Chitsanzo china ndi cha Baobab Health, imene inayambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Inabweretsa makompyuta ongodina ndi chala pagalasi, ndi timapepala ta mizeremizere tomata pa buku la kuchipatala, kuti wodwala akabweranso mbiri yake izipezeka msanga. Mapulogalamuwo ankalembedwa ndi achinyamata a konkuno, malemba ake ali poyera kuti wina aliyense waluso athe kuwaona ndi kuwakonza, ndipo anafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Chipatala cha pa Foni nacho, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011, chinakula mpaka kufika dziko lonse, kenako chinaperekedwa ku Unduna wa Zaumoyo mwadongosolo, antchito ndi bajeti zitakonzedweratu. Komabe apanso pali chingwe china chotimanga: zambiri mwa ntchitozi zakhala zikudalira ndalama za maiko ena. America itaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri mu Januwale 2025, ntchito zaumoyo zambiri zinagwedezeka, ndipo zinaoneka kuti kukhala ndi malemba a pulogalamu sikukwanira ngati malipiro a woisamalira akuchokera kunja.

N'chifukwa chake sindigwirizana kwathunthu ndi amene amati yankho ndi kungopatsa ntchitozi makampani a Amalawi. Ndikufuna ndithu kuti azipatsidwa. Ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuzu University ndi ku Zomba kukutuluka achinyamata odziwa ntchitoyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malamulo opikisanira makontirakiti a boma nthawi zambiri amafuna kampani imene inagwirapo kale ntchito ya mamiliyoni a madola, zomwe zimawatsekera kunja asanayambe n'komwe. Koma kampani ya ku Blantyre nayo ikhoza kukakamira makiyi ngati yakunja, ndipo ikhoza kupata ntchito chifukwa cha ubale ndi andale. Chosowa chachikulu chili mbali ya wogula. Boma likufunika akatswiri akeake, olipidwa mokwanira kuti asathawire kumabanki ndi kumabungwe, amene angakhale patebulo tsiku losainirana n'kufunsa kuti: mgwirizanowu ukadzatha, kapena tikadzayambana, mudzatisiyira chiyani, m'maonekedwe otani, ndipo ndani mwa anthu athu adzakhale ataphunzira kuyendetsa? Nthambi ya E-Government ilipo, ndipo malo osungira zinthu za boma a National Data Centre, amene anamangidwa ndi Huawei ku Blantyre, anatsegulidwa mu 2022. Koma unduna uliwonse ukamagula zakezake pawokha, makina osalankhulana, nzika imalembetsa dzina lomwelo kambirimbiri ndipo dziko limalipira kambirimbiri.

Nkhaniyi imafika pa mtima penipeni ikakhudza zala zathu ndi mavoti athu. Mu 2017 bungwe la NRB, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yowerengeka, pogwiritsa ntchito zipangizo za kampani ya Laxton. Inali ntchito yotamandika, ndipo chiphaso cha unzika chimene chinatuluka pamenepo lero ndicho khomo la kubanki, la simukhadi, la feteleza ndi la kuvota. Koma mu 2018 chimodzi mwa zipangizo zolembera anthu chinapezeka m'sitima ya pamtunda ku Mozambique, ndipo anthu anayamba kufunsa, moyenera, kuti zimene anapereka zikusungidwa motani. Pokonzekera zisankho za pa 16 Sepitembala 2025, bungwe la MEC linagula zipangizo ndi pulogalamu kwa kampani ya Smartmatic. Zipani zotsutsa zinapempha kuti akatswiri apadera aunike makinawo, ndipo MEC sinavomere pempholo mmene linabwerera. Pamapeto pake wopambana anali a Peter Mutharika, a mbali yomwe inkadandaulayo. Izi sizikutanthauza kuti funso lija linali lopanda pake. Ku Kenya mu 2017 khoti lalikulu linafafaniza zisankho za pulezidenti, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chakuti bungwe la zisankho silinatsegule makina ake kuti aunikidwe monga khoti linalamulira. Njira yoti makina aziunikidwa ndi anthu apadera iyenera kukhazikitsidwa nthawi ya mtendere, isanafike nthawi imene aliyense akukayikira mnzake.

Ngakhale maiko olemera anapsapo. Ku Britain, pulogalamu ya Horizon ya kampani ya Fujitsu inkaonetsa molakwika kuti ndalama zasowa m'mapositi ofesi, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 anthu mazanamazana oyendetsa mapositiwo anazengedwa milandu ya kuba, ena n'kumangidwa, chifukwa akuluakulu ankakhulupirira kompyuta kuposa munthu. Ngati zinatheka kumeneko, kuli maloya ndi nyuzipepala zamphamvu, nanga mlimi wa pa Iponga amene wauzidwa kuti "makina akuonetsa kuti mwagula kale" pamene sanagule, akadandaule kwa yani? Makina alionse a boma amafunika khomo la munthu, pafupi, pa boma kapena kwa mfumu yaikulu, pomwe cholakwika chingakonzedwe popanda ulendo wa ku likulu.

Malamulo oti atithandize alipo kale. Pali lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma limene bungwe la PPDA limayang'anira, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, limene linapereka udindo woyang'anira kwa MACRA. Chimene sichinazolowereke ndi kuwagwiritsa ntchito mgwirizano usanasainidwe. Timamva za makontirakiti amenewa zinthu zitavuta kale, pamene ndalama zapita ndipo mizere yatalika.

Mu 2025 ntchito ya mapasipoti inaperekedwa kwa kampani ya ku India, Madras Security Printers, pa mtengo wa pafupifupi madola 30 miliyoni. Mgwirizano umenewu nawo uli ndi tsiku lake lothera. Aphungu a ku Karonga, amene anthu awo amayenda mtunda wautali kuposa ambiri kuti apeze pasipoti, ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira m'makomiti a Nyumba ya Malamulo, panopa zinthu zikadali bwino, kuti mgwirizanowo uikidwe poyera: zidindo za zala zikusungidwa kuti, malaisensi alembedwa m'dzina la yani, ndi antchito angati a boma amene akuphunzitsidwa kuyendetsa makinawo, ndipo ndi liti pamene munthu adzathe kujambulitsa ndi kulandira pasipoti pa Karonga boma.